Pulagi ya a Halvorsen

A Vern Halvorsen anakwera mapolo a magetsi kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Mphepo ya m'tauni ya Duluth, ku America, ikagwetsa mawaya, anthu ena ali phee m'nyumba, iwo ankakhala pamwamba pa polo, chipale chofewa chikuwamenya kumaso. Sanagwepo ngakhale kamodzi. Atapuma pa ntchito anatsala ndi denga limodzi loti azikwera, la nyumba yawo, kamodzi pachaka, pokamangirira magetsi a Khirisimasi. Mababu awo anali akuluakulu akale aja, ofiira, obiriwira ndi achikasu.

Chaka chimene anakwanitsa zaka 78, mwana wawo wamkazi, Kendra, anaimba foni Lachinayi lina chakumapeto kwa Novembala.

"Ababa, ndapangana ndi akampani yoika magetsi. Abwera Loweruka masana. Inu makwerero musawakhudze."

"Wapangana? Nyumbayi ndi yako?"

"Mwezi watha munachita chizungulire mukungomanga zingwe za nsapato."

"Ndinali ndisanadye."

"Nanga padengapo mukadya chiyani? Chonde ababa, zakwana."

A Halvorsen anadula foni. Masiku awiri anangokhala ndwii, akutafuna mkwiyo. Munthu amene anawalitsa tauni yonse, lero mpaka kumuitanira alendo kuti amupachikire timababu!

Loweruka analawirira. Anafuna kuti akampaniwo akamafika apeze zonse zatha, abwerere ndi manyazi. Anaimika makwerero pamene panali pafupi, pakhonde, n'kuyamba kumangirira nthambo za mababu m'mphepete mwa denga, akulumikiza ina ku inzake, kulowera ku galaja. Zala zinauma ndi kuzizira. Ankatukwana chapansipansi, Kendra, kampani, ndi dokotala amene anamuuza Kendrayo za chizungulire. Makwerero anawasuntha kasanu ndi kawiri. Pamene dzuwa limafika paliwombo anali atamaliza pansonga penipeni pa denga la galaja, ndipo anatsika.

Anapita pakhonde, n'kutola mapeto a nthambo amene anawasiya akulendewera pafupi ndi soketi. Anawayang'ana. Inali mbali ya mabowo. Pulagi, mbali ya mano imene imalowa mu soketi, inali uko pamwamba pa galaja, kumene kunalibe soketi iliyonse. Chifukwa cha phuma anayamba chotembenuza. Zaka zonsezi ankaseka anansi awo pa cholakwa chomwechi.

Anali chiimire pomwepo pamene galimoto ya kampani inaima pamsewu. Munatuluka bambo wamimba yaikulu, wa imvi za apa ndi apo, dzina lake Duane litasokedwa pa jekete.

"Aa, madala, mwatilanda ntchito!" anatero akuyang'ana denga. "Mzere wake wowongoka bwanji! Ndikulembeni ntchito kodi?"

Duane anayandikira, n'kuona chimene chinali m'dzanja la a Halvorsen. Anakanda chibwano.

"Zimachitika. Mlungu uno ndinu achinayi."

"Usandiwerengere limodzi ndi zitsiru zako."

"Wina dzulo amati ndimupangire nthambo ya mano mbali zonse, kuti asavutike kumasula."

"Imeneyo ndi yophera anthu!" anakalipa a Halvorsen. "Mwana angogwira mano enawo, wapita."

"Ndinamuuza zomwezo. Kodi munali a zamagetsi?"

"Iwe usanamere mano."

Anamukankha ndi phewa, n'kupita pa makwerero. Panalibe njira ina koma kumasula zonse n'kuyambiranso. Anaponda sitepe yoyamba, kenako yachiwiri. Pa yachitatu mwendo wakumanzere unakana. Unayamba kunjenjemera wokha, mpaka makwerero ankalira pamene anatsamira denga. Anaulamula kuti ukwere. Unakana ndithu. Duane anatembenuka n'kumayang'ana matayala a galimoto yake ngati pali china chimene chalakwika.

A Halvorsen anakhala pamenepo nthawi yaitali. Kenako anatsika.

"Kwera iweyo," anatero osamuyang'ana. "Koma timababu tako toyera ngati ta kuchipatala ito tisatuluke m'galimoto. Umasule angawa, uwatembenuze. Likasweka limodzi undiona."

"Chabwino, bwana mkubwa."

"Ndipo chimimba chakocho usachigoneke pa denga langa."

Anagwira makwerero ndi manja awiri, Duane akukwera. Kwa maola awiri anamukalipira pa chilichonse, kakwezedwe ka phazi, kagwiridwe ka nthambo, mpata wa pakati pa mababu. Duane ankangoti, "Ndamva, madala." Atamaliza, a Halvorsen analowetsa pulagi okha. Magetsi anayaka onse. Sanamwetulire.

Duane akupukuta manja anafunsa, "Nanga kutsitsa mu Januwale? Tibwere, kapena muchita nokha?"

A Halvorsen anayang'ana pansonga ya galaja.

"Pa 6 Januwale," anatero. "Usachedwe."

Analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko.