Tsiku Limene a Chipewa Anadya kwa Mdani

Pa Nyimba, m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata, panali mtengo wa mango pamene amayi ankagulitsira nthochi pamodzi ndi anzawo asanu. Basi ikaima, onse ankathamanga malichero ali pamutu, kukankhana pamawindo ngati sadziwana. Ikachoka ankabwerera pamthunzi, kupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, kenako maso onse pa ine. Ndinali mtsikana wa Giredi 7, ndipo ndikaweruka kusukulu ntchito yanga inali yowawerengera buku.

Mabukuwo ankachokera ku Petauke kwa amalume, amene anali mphunzitsi. Anali a Chingerezi, onena za kazitape wina wa kudziko lozizira. Amalume ankakuta buku lililonse ndi pepala la thumba la simenti, n'kulemba nambala pamwamba, n'kupatsira kondakitala wa minibasi. Choncho chikuto chenicheni sindinachionepo, ndipo zoti buku limakhala ndi munthu amene analilemba sizinkandikhudza n'komwe. Ndinkawerenga ndime chamumtima, kenako n'kuifotokoza m'Chinyanja. Dzina la kazitapeyo linkapinda lilime, ndiye azimayiwo anangomutcha a Chipewa, poti sankatuluka m'nyumba mutu uli pamtunda.

A Chipewa ankakondedwa pamtengo paja ngati mkamwini wakhama. Ankapatsa moni ngakhale mlonda wa pageti. Ankalembera kalata mlongo wawo kulikonse kumene apita. Koposa zonse, sankalawa kanthu m'nyumba ya mdani, ngakhale madzi akumwa. Chimenechi chinkawasangalatsa kwambiri amai Daka, mayi wa mawu aakulu amene sankadziwa kuwerenga koma sankaiwala kanthu. Amayi anga anali ofatsa. Ndikamawerenga ankanamizira kusanja nthochi, koma ndinkadziwa kuti akunyada, chifukwa nthochi zomwezo ndi zimene zinkandisunga pasukulu.

Mabuku anayi tinawamaliza mwamtendere. Lachisanu linafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nthochi zikupsa zokha m'lichero. Tsamba loyamba lomwe, a Chipewa analumpha kuchokera padenga n'kuwombera anthu awiri osawapatsa moni. Azimayi anayang'anana. Tsiku lachiwiri mlongo uja sanatchulidwe, m'malo mwake munalowa mkazi wina wa milomo yofiira. Tsiku lachitatu a Chipewa anakhala patebulo la mdani n'kudya nkhuku.

Amai Daka anakweza dzanja. "Imilila. Wakamba kuti adya?"

"Adya," ndinayankha.

"Awe. Mabuku anayi munthu akana na madzi, lelo adye nkhuku ya mdani? Mwana uyu chizungu chamulemela. Manje ayamba kutipangila boza."

Onse anaseka, kupatula amayi. Panjira yobwerera kunyumba anayenda patsogolo osacheuka, kenako anati, "Ngati buku iyi yakukanga, kamba chabe. Usanichititse manyazi pa anzanga." Mawuwo anandipweteka kuposa mkwapulo. Ndinali nditanena zomwe zinalembedwa, mawu ndi mawu, koma mayi wanga yemwe ankandiyesa wabodza. Ndipo panalibe wina pamtengo paja woti n'kutenga buku n'kundiikira umboni.

Tsiku lotsatira ndinayambadi bodza. Ndinati nkhuku ija a Chipewa anangonamizira kutafuna, n'kulavulira m'thumba la jekete. Mkazi wa milomo yofiira ndinamusandutsa msuweni wawo. Pamene buku linkati awombera munthu, ine ndinkati anayamba amufunsa za kunyumba. Amai Daka anagwedeza mutu mokhutira nati, "Ehee, lomba wayamba kuwelenga bwino." Amayi anayambiranso kusanja nthochi zosanjasanja kale. Ndisaname, bodzalo linandikomera. Pofika sabata yachiwiri ndinali nditazolowera moti ndinawadyetsa a Chipewa nthochi pakati pa chipale chofewa, amai Daka n'kufunsa ngati zinali zazifupi zonenepa kapena zazitali.

Koma bodza lilibe mwendo. Loweruka lina amalume anatsika minibasi pamtengo pomwepo, akupita ku Luembe kukaona wodwala. Podikira galimoto anakhala panjerwa, nati ndipitirize kuwerenga, nawonso amveko. Kuwerenga zoona sindikanatha, poti azimayi akanadabwa kuti msuweni wayamba liti kupsompsona a Chipewa. Ndinapitiriza bodza langa, uku ndikuona nsidze za amalume zikukwera pang'onopang'ono. Kenako anatambasula dzanja, natenga buku, nayang'ana tsambalo kutsogolo ndi kuseri.

"Msuweni uyu ali pa peji iti?" anafunsa.

Ndinalira pomwepo, ndipo zonse ndinaulula ndikusisima. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anamatula pepala la simenti lija n'kuwaonetsa azimayi chikuto. Panali mayina awiri, lina la zilembo zikuluzikulu, lina laling'ono pansi pake. Anafotokoza kuti mwini dzina lalikululo, amene analemba mabuku anayi oyamba, anamwalira, ndipo buku lachisanu analemba munthu wina amene anapatsidwa kuti apitirize nkhaniyo.

Amai Daka anagwira chikutocho ndi chala, n'kufunsa modandaula kuti munthuyo anamwalira liti ndipo bwanji amalume sananene, ngati kuti tikanapita kukakhuza. Kenako anafunsa funso limene kwathu limafunsidwa munthu akalowa m'malo mwa malemu: kodi watsopanoyo ndi mwana wa mlongo wake? Amalume anati ayi, mwina sanaonanepo n'komwe.

"Ndiye vuto ili apo," anatero amai Daka. "Wolowa dzina timamukhazika pamphasa, timuuza vimene malemu anali kukonda na vimene anali kukana. Uyu anamupatsa chabe chipewa, malangizo sanamupatse."

Apo m'pamene mkangano unabuka. Amake Tisa, wamng'ono pa onse, anaulula kuti iwo a Chipewa atsopano ankawakonda, chifukwa akale aja ankatha mutu wonse wa buku atangoima kuyang'ana windo la munthu. Wina anati dzina la malemu alichotse pachikuto, asamunamizire kumanda. Wina anati amusiye, mlowam'malo aliyense amayamba ndi kuswa mbale. Basi ya ku Lusaka inaima, inaliza hutala, n'kuchoka popanda aliyense wodzuka. Aka kanali koyamba kuona zotero.

Madzulo amayi ananyamula lichero lawo, tinayamba ulendo wobwerera kunyumba. Tsiku limenelo sanayende patsogolo, anayenda pambali panga. Tili pafupi kufika anati, "Ndiye masiku yaja unakamba zoona ise tinati boza. Pamene unayamba boza, ise tinakutotela m'manja." Ndinavomera ndi mutu. Kenako anati, "Nine n'nalakwa, mwana wanga. Mailo ukawelenge vimene vinalembedwa. Vikaipa tizamutukwana iye, osati iwe."

Tinaliyambiranso bukulo kuchokera pankhuku paja. Wolemba watsopanoyo anatukwanidwa tsamba lililonse, ndipo titamaliza, amai Daka ndi amene anayamba kufunsa kuti lachisanu ndi chimodzi lifika liti.

Masiku ano mabuku a kazitape uja akutulukabe, ndipo wolemba wake anasinthanso. Nthawi zina ndimawerenga pafoni ndemanga za anthu a kumayiko akutali, akukangana ngati uyu ndi kazitape yemwe uja kapena wina wovala zovala zake. Ndimaseka ndekha, chifukwa mfundo zawo zonse ndinazimva kale pa Nyimba kwa anthu amene sanagwirepo cholembera. Ndikadutsa pamsewu paja ndimapeza ana a azimayi aja akugulitsabe nthochi, koma basi ikachoka aliyense amaweramira foni yake, palibe wowerengera mnzake.

Ine ndimagwira ntchito yomasulira mawu m'khoti. Nthawi zambiri kutsogolo kwanga kumaima mayi wokalamba, wamantha, akufotokoza nkhani yake mokhotakhota, ndipo mtima umandiuza kuti ndimuwongolere pang'ono kuti imveke bwino. Sindiwongola. Ndimanena zimene wanena. Amayi anamwalira asanandione ndikugwira ntchitoyi, koma lamulo lake lalikulu anandipatsa ndi iwo, panjira ya fumbi, lichero lopanda kanthu lili m'khwapa.