Matayala Osalala a Zondwayo

Zondwayo Jere ankabaya ng'ombe jakisoni m'midzi yozungulira Edingeni. Njinga yake yamoto inali yaitali, ya matayala a mano, ndipo matope a dzinja sankaibweza. Anthu akaona mapondedwe a manowo pamsewu ankadziwa kuti wafika, n'kuyamba kutulutsa ng'ombe zodwala m'makola.

Mkazi wake Enifa atadwala msana, onse awiri anasamukira kwa mwana wawo Temwa, m'mbali mwa msewu wa tala wopita ku Boma, kuti chipatala chiyandikire. Womunyamula popita kuchipatalako anali Zondwayo yemweyo. Koma pa tala mano aja amanjenjemeretsa njinga yonse. Enifa sankadandaula. Mwamuna wake ankangomva zala zikumufinya m'nthiti njira yonse.

Matayala atatha, Zondwayo anapita kwa Stewart, wogulitsa zipangizo za njinga kumsika wa Mzimba.

"A mano omwe aja, adada?"

"Osalala. Kutsogolo ndi kumbuyo komwe."

Stewart anaseka. "Mwaganiza zoyamba kabaza ndi imvi zimenezi? Mvula ikagwa, amenewa ku Edingeni sakafika. Mbwenu ng'ombe zanu zikhala za wina."

"Ndikudziwa. Ika."

Ulendo wotsatira Enifa anamugwira momasuka. Atatsika kuchipatala anafunsa kuti, "Bambo a Temwa, msewu uja aukonza?"

Zondwayo bodza sankalitha. "Ayi. Ndasintha matayala."

"Nanga ng'ombe za anthu?"

Zondwayo anangomupatsa ndodo yake yoyendera. Enifa anayang'ana matayalawo nthawi yaitali.

"Yewo chomene," anathokoza chapansipansi.

Enifa anamwalira mvula isanayambe, ndipo anakamuika kwawo ku Edingeni. Dzinja litafika, matayala aja anachita zomwe Stewart ananena. Zondwayo ankagwa m'matope, nthawi zina n'kubwerera panjira. Eni ng'ombe anadikira, kenako anaitana wina. Sanawadandaule, chifukwa ng'ombe yodwala siyembekeza chilimwe.

Kumanda kokha ndiko sanasiye kupita. Msewu ukayamba kuterera amatsika, n'kumakankha njingayo mpaka kukafika.

Tsiku lina Stewart anamuona kumsika, buluku lili matope mpaka m'mawondo.

"Ndapota, adada, bwerani ndikuikireni a mano. Amenewa ntchito yake inatha."

Zondwayo anawerama, napukuta matope pa tayala lakumbuyo ndi chala chachikulu. Mizere yake inali ikadali yakuya.

"Sanathe," anatero, n'kuliza njinga.