Ziphaniphani za Masana

Ndikakumbukira mayi Esinati, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu kufupi ndi mtsinje wa Domasi, ndimamva fungo la masamba a bulugama ofikisa m'manja, ndipo ndimaona kamdima ka m'chipinda mwawo, momwe kuwala kunkalowa ngati ulusi pa chiguduli chotchinga windo. Ankadwala mutu waching'alang'ala. Usanawagwire, ankaima njii pakati pa munda wa mpunga n'kundiuza chapansipansi kuti, "Lute, ziphaniphani zija zabwera." Ine ndinkayang'ana uku ndi uku, dzuwa lili paliwombo, osaona kanthu koma madzi akunyezimira m'mapesi.

Zikatero ankamanga mutu ndi mpango mpaka mitsempha kutuluka, n'kukagona masiku awiri. Mbalame sizinkadikira. Kupirikitsa mpheta kumafuna kuguguda zitini ndi kukuwa, zimene iwo sakanapirira. Chaka china anakolola matumba awiri okha, anzawo akututa wawo pa njinga kukagulitsa ku Songani.

Koma chimene chinawapweteka kwambiri si mpunga ayi. Mwana wa mkulu wa mpingo atamwalira, iwo anali chigonere. Ataika maliro, amayi atatu anabwera kudzaima pakhomo pawo.

"Mutu wanuwu ndi wochenjera, eti?" anatero woyamba. "Maliro akangogwa, nawo wayamba."

Wina anaseka. "Asiyeni. Tsiku lawo adzadzinyamula okha kupita kumanda."

Mawu amenewo anawalowa mumtima, pakuti analibe m'bale m'mudzimo woti n'kudzawaika. Maliro otsatira anapita mutu ukuwaphwanya. Ndinawaona atakhala pafupi ndi mafuwa, utsi ukuwazinga, atatsinzina, akutsuka mbale mopapasa ngati wakhungu. Nyimbo itakwera, anadzandira kupita kuseri kwa nthochi kukasanza, n'kugwa komweko. Anawanyamula ndi amayi omwe aja. Panjira mmodzi anafunsa kuti, "Nanga bwanji osanena kuti mukudwaladi?"

Mayi Esinati anangoti, "Ndinanena."

Chaka chatha ndinaika mwamuna wanga. Tili m'nyumba ya siwa, ndinamva amayi akunong'onezana kuti alamu anga a Fane sanaoneke, akuti ndi mutu. Tsiku limenelo ndinalibe mphamvu ngakhale yolirira, koma ndinaweramuka.

"Apititsireni madzi akumwa," ndinatero. "Ndipo mukafika, mugogode pang'onopang'ono."