Amuna Anga Anavomera Zonse

Anagogoda Lachitatu m'mawa, sabata yachiwiri ya Novembala, ndikuwameta ndevu amuna anga. Anali abambo anayi a chitetezo cha m'mudzi. Mmodzi wa iwo ndinamuphunzitsa ndine Sande sukulu.

"Mayi, atengeni abambowa. Mukufunika kumsika."

Amuna anga anagwira ntchito ku esiteti ya tiyi mpaka kupuma. Kwa zaka zitatu anali akuiwalaiwala: poyamba pamene aika chipewa, kenako njira ya kutchalitchi, kenako mayina a ana athu. Dzulo lake anasochera, n'kukapezeka pakhonde la nyumba ina kumene mwana anali atangomwalira, akulankhula okha Chilomwe chimene anasiya ali mnyamata. Anthu anati ndi mawu a ufiti.

Anatitsekera m'chipinda cha matumba kuseri kwa chigayo, pafupi ndi msika wa Milonde. Mafunso anayamba masana.

"Mwana uja munamudya ndinu?"

"Eya," anayankha amuna anga mwaulemu, akumwetulira.

"Mumatamba ndi ndani?"

Analoza ine. Pa anthu onsewo, amene ankamuzindikira ndinali ine ndekha.

Ndinati munthuyu akudwala, mungowafunsa kuti lero n'lachingati. Wina anati, "Mfiti iliyonse imadwala ikagwidwa." Zimene zinatsatira sindilemba. Dzanja langa lamanzere silipindika bwino mpaka lero.

Lachisanu apolisi anadzatitenga. "Sitikukumangani mayi, tikukusungani," anatero wapolisi wa pakauntala. Koma chitseko anakhoma. Anatisiyanitsa, poti amuna ndi akazi sakhala selo imodzi. Ndinkamva amuna anga akuitana dzina langa kuseri kwa khoma. Ndikati, "Ndili pompano," ankakhala chete pang'ono, kenako n'kuyambanso. Zinatero masiku anayi.

Lolemba kunabwera dokotala wamkazi. Atawapima amuna anga anandiuza kuti mu ubongo muli timaselo tina tobereka maselo atsopano, ngakhale mwa munthu wamkulu. Munthu akamakalamba timachepa, ndipo tambiri timagona osadzukanso. Anati akatswiri akufufuzabe mbali yake pa matenda a kuiwala, koma mankhwala odzutsa timaseloti kulibe.

"Ndiye sachira?" ndinafunsa.

"Sachira, mayi. Koma ndilemba kalata yoti ndi matenda."

Tinatuluka Lachiwiri. Nyumba yathu tinaipeza ilibe denga, ndipo kalata ija panalibe amene anafuna kuiwerenga.

Tsopano tikukhala kwa mwana wathu wamkazi ku Boma. Amuna anga sakumbukira chilichonse cha masiku amenewo, ndipo nthawi zina ndimawachitira nsanje. Ine ndine mfulu: ndimapita kumsika, ndimapita kutchalitchi, palibe wondifunsa. Koma ndikamachoka ndimawakhomera m'nyumba kuti asasocherenso. Dzulo anaima pazenera n'kundifunsa mwaulemu, "Mayi, kodi ine ndalakwa chiyani?"