Mphuno yanga ndi Chilatini cha aphunzitsi

Azakhali ndiwo anandiboola mphuno ndi munga, kuseri kwa nyumba yathu ku Tukombo, n'kundiveka chipini kuti ndizioneka ngati mkazi. Zinali zaka zija amuna akuthamangira ku Joni. Nditafika kusukulu, aphunzitsi athu anasangalala ngati atola nsomba pamchenga. Kukongola kwanga sanakuone n'komwe, iwo anaona phunziro.

Anandiimika kutsogolo, kandodo kali pamphuno panga.

"Perforate! Kuboola mpaka kutulukira kwina. Per ndiko kupyola, forare ndiko kuboola. Chilatini chimenecho, ana inu!"

Anawonjezera kuti sitampa ya kupositi nayo ndi yoboola m'mbali, sefa chimodzimodzi. Basi ine, sitampa ndi sefa tinasanduka pachibale. Anzanga anaimba mawuwo mpaka kumadambo oviika chinangwa.

Ine mtima wanga unali pa sukulu yogonera ya atsikana. Malo anali ochepa, ndipo dona wa kumishoni amene ankasankha ana ankati chipini n'chachikunja. Nditamva kuti akubwera ndinachivula, koma bowo linakana kutsekeka. Amayi anamatapo phula la njuchi losakaniza ndi mwaye, mwaluso moti azakhali omwe anachita kuyandikira kuti apaone.

Dona anandiwerengetsa, ndinawerenga osadodoma. Masamu ndinakhoza. Anamwetulira, n'kufunsa ngati makolo angandilole kuchoka.

Koma aphunzitsi anali ataima pambali m'mawa wonse, tayi ili pakhosi, popanda wowafunsa Chingerezi. Munthu wophunzira angapirire zimenezo? Anatsokomola, n'kusendera.

"Madam, this nose is perforated. From the Latin."

Ndipo poti mphunzitsi wabwino amaonetsa chimene akunena, anakanda phula lija ndi chikhadabo. Linagwera pansi. Dona anayang'ana bowolo, anayamikira Chingerezi chawo, n'kutenga mtsikana wina amene ankawerenga ndi chala.

Chimene chimandiwawa n'chakuti aphunzitsiwo sanali kudana nane. Tsiku lomwelo anabwera kwathu akuwala nkhope, kudzauza bambo kuti mzungu wawatama. Bambo anawapatsa mpando, nawathokoza m'Chitonga kuti, "Yewo, asambizi," pakuti mphunzitsi sankayankhidwa mwina.

Ine ndinali kuseri ndikusenda chinangwa, misozi ikugwera m'lichero. Ndakhala ndikuchisenda mpaka imvi zino, ndipo sindinawakhululukire.