Mayi Chikoti ndi Mwana Wosagwira Khutu

"Kodi iwe Olive, uphunzitsiwu ukuufunadi, kapena wangotopa ndi kuthirira nazale ya fodya?"

Anandifunsa choncho Mayi Dyness Chikoti tsiku limene ndinakadzipereka kuti ndizithandizira kuphunzitsa pasukulu ya pulaimale ya kwathu, kuseri kwa Mpingu. Ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo ahedi, a Nasoni, anandipatsa Chingerezi cha Sitandade 6 kuti ndizipeputsa a Joel, eni kalasiyo. Iwo sanadikire yankho, ananyamula chitini chawo cha zitsekerero za mabotolo zowerengera masamu n'kumapita.

Mayi Chikoti kwawo ndi kwa Kabudula, mwana wa mkulu wa mpingo. Aphunzitsa Sitandade 1 zaka zoposa makumi awiri, kalasi imene anzawo amaiyesa chilango. Kwathu kuno amene amaponyedwa kumeneko ndi mphunzitsi watsopano, kapena amene wakwiyitsa ahedi. Iwo anauzidwapo kuti akwere ku Sitandade 8, kumene kuli ulemu, koma anakana. Amati aliyense akufuna kufolera denga, nanga maziko akumbe ndani?

Kwa aphunzitsi atsopano sachulutsa mawu. Sabata yoyamba, amatero, iwala za a, e, i, o, u. Aonetse ana kumene kuli chimbudzi ndipo uloweze mayina awo, chifukwa mwana amene ukumuitana kuti "iwe wa malaya ofiira" mawa sabwera. Usamakuwe, mawu adzakuthera sabata isanathe. Yambitsa nyimbo, phokoso litha lokha. Ndipo polankhula ndi mwana uzinyonyomala, aone nkhope yako osati lamba.

Zimene ndikufuna anthu adziwe zinachitika tsiku lotsegulira sukulu, mu Sepitembala, mphepo ikuulutsa fumbi pabwalo. Makolo anafola ndi ana awo pansi pa mtengo wa mango. Ambiri alibe pepala losonyeza tsiku limene mwana anabadwa, choncho pamakhala muyeso wakalekale: mwana adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Akaligwira ndiye kuti wakwana zaka zoyambira sukulu. Akalephera, chaka chamawa.

A Nasoni ndi amene ankayesa. Mayi Chikoti anakhala pambali n'kumalandira opambanawo. Atakweza maso anaona kamtsikana kowonda, ka diresi lofika m'mapazi, ndipo anakazindikira. Anali Mwaiwathu, amene anabwezedwa chaka chatha ndi chaka chinacho. Mwanayo anatambasula mkono, anapendeketsa mutu, analuma mlomo. Zala zinathera panjira.

"Chaka chamawa, mayi," anatero a Nasoni, maso ali kale pa mwana wotsatira.

Mayi a mwanayo, a Hannah, anagwada. "Pepani ahedi. Amene mwamulandira pompanoyo ndi mng'ono wake. Uyu ndiye wamkulu, kungoti anadwaladwala ali wakhanda."

"Muyeso ndi umodzi kwa aliyense."

"Mukamubwezanso, bambo ake ati apite kutauni akalere mwana wa achemwali awo. Sukulu ndiye kuti yalephereka."

Mayi Chikoti anamuyang'ana Mwaiwathu. Sanali kulira. Anali kuyesabe yekha, dzanja pamutu, ngati kuti mkono ungatalike akaupempha bwino. Mayi Chikoti anadzandiuza kuti pamenepo anakumbukira kuti chaka chatha anangoonerera n'kudziuza kuti zolandira ana ndi za ahedi. Anaimirira.

"Ahedi, tandigwirirani khutu lanu."

"Mwati chiyani, madamu?"

"Dzanja pamutu, mugwire khutu. Tione ngati mwakwana msinkhu woyendetsa sukulu."

A Nasoni ndi munthu wamfupi, wa khosi lonenepa, ndipo tsikulo anavala jekete yothina m'khwapa. Amayi a pamzere anabisa pakamwa ndi zitenje, mapewa okha akugwedezeka.

"Si nthawi ya nthabwala ino, madamu. M'kalasi mwanu mwadzaza kale."

"Matenda ndi njala zamufupikitsa mkono, ndiye ife timuwonjezere chilango? Taonani mano akewo, ndi a munthu wamkulu."

"Mukamulowetsa ameneyu, mawa onse amene ndawabweza akhala ali pano. Awaphunzitsa ndani? Ine mphunzitsi wina ndilibe. Musandikakamize kukanena kwa alangizi a zamaphunziro, eti."

"Kaneneni ndithu. Akandisamutsa, kumene ndikapiteko Sitandade 1 ikakhalakonso."

Anagwira dzanja la mwanayo n'kuyamba kuyenda. Atafika pakhomo la kalasi, Mwaiwathu anaima.

"Madamu, khutu sindinaligwire."

Mayi Chikoti ananyonyomala. "Lisiye, ntchito yake ndi kumva. Muno timagwira choko. Lowa."

Koma a Nasoni sananame. Nkhani inayenda m'midzi ndi amayi opita kuchigayo, ndipo kutacha makolo anabweranso ndi ana obwezedwa aja. Mayi Chikoti anacheza ndi mwana aliyense. Ena analidi makanda ofuna kungoperekeza akulu awo, ndipo anawabweza okha mwaulemu. Ena anali ngati Mwaiwathu, akulu m'maganizo koma opinimbira, ndipo anawalowetsa. Kalasi inasefukira. Ana anakhala mpaka pakhonde, ena kumasuzumira pawindo. Mwaiwathu, pokhala wamng'ono thupi, anakankhidwira kumbuyo kumene ankangoona misana ya anzake.

Ahedi anabwera, anaima pakhomo manja ali kumbuyo.

"Madamu, uku si kuphunzitsa, uku ndi kuweta. Pofika Lachisanu, ngati palibe wowaphunzitsa, onse osagwira khutu abwerere kwawo. Ndipo musadzati Nasoni ndi woipa mtima."

"Ndamva, ahedi," anayankha, kenaka anatembenukira kwa ana n'kuyambitsa nyimbo.

Mayi Chikoti sanapemphe munthu kuti awathandize. M'chipinda cha aphunzitsi anzawo ankangoseka kuti amene wautsa njuchi athane nazo. Iwo anagawa anawo pawiri, ena m'kalasi, ena pansi pa mango, n'kumathamanga uku ndi uku ndi chitini chawo. Akakhala panja, m'kati mwayambika ndewu. Akalowa, akunja abalalika kuthamangitsa mbuzi. Munthu amene amaletsa anzake kukuwa, mawu anamuthera mpaka ankangonong'ona, koma mwa ana amene anawalowetsa aja sanabweze ndi mmodzi yemwe.

Zonsezi ndinkaziona pawindo la Sitandade 6, kumene ndinkalemba ziganizo pabolodi a Joel atakhala kumbuyo akuwerenga nyuzi. Ana ankandiitana kuti madamu ndipo zinkandikoma, sindibisa. Koma Lachinayi ndinaona Mwaiwathu pansi pa mango paja, anzake atamwazikana, iye yekha akulemba ndi chala pafumbi mzere wokhotakhota umene anasiyiridwa kuti ayeserere, kufufuta, kulembanso, kudikira wina woti amuuze ngati wakhoza.

Ana ataweruka ndinakabweza buku la Chingerezi kuofesi. A Nasoni anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ukudziwa kuti pansi pa mango paja palibe mpando, palibe bolodi?"

Ndinati ndikudziwa. Ndinawauza kuti wowaphunzitsa wapezeka, anditumize kwa ana a pansi pa mango kuyambira mawa, ndipo asabweze aliyense.