Mapaipi Awiri a Mthuthuthu wa Bambo

Fungo la girisi wosakanikirana ndi fumbi la mu Okutobala limandibwezera ku Mufakose, komboni ya m'dziko limene bambo anatchona, kuseri kwa kanyumba kathu, m'zaka za chitaganya. Pamenepo pankaima mthuthuthu waukulu wakuda umene bambo anagula kwa mzungu wa kufakitale kwawo ku Msasa. Unali wa maulendo ataliatali, wa zikwama zachikopa m'mbali. Bambo ankati ndiwo udzawafikitse ku Dedza kukaona amayi awo, amene anawasiya iwo akadali mnyamata.

Koma ankati sungapite ndi ekizozi imodzi. Masilinda ake awiri ankatulutsira utsi m'paipi imodzi yodyeka ndi dzimbiri, ndipo m'zitunda za ku Tete injini ikanabanika. Choncho anabwera ndi mapaipi awiri onyezimira, okulungidwa m'chiguduli, mabawuti ake ali m'chitini.

Chilimwe chonse chinathera pamenepo. Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi, ankavula jekete n'kugona chagada pa katoni. Malata ankathetheka ndi dzuwa, ntchentche zikutera pa thukuta la pakhosi pawo. Paipi yakumanja inalowa bwinobwino, koma yakumanzere inkagunda choimikira mthuthuthuwo. Ankaimasula, kuiwotcha pa mbaula, kuipinda pang'ono, kuibwezera, n'kupeza kuti utsi ukutulukira polumikizira. Manja awo, otupa kale ndi matumba a kuntchito, ankavutika kugwira sipanala. Nthawi zina tulo tinkawapeza pomwepo, ine n'kumawaingitsira nkhuku.

"Bambo a Esinati, mabasi alipo," mayi anatero tsiku lina, atanyamula zochapa. "Mayi anu sakudikira mapaipi."

"Ndikafike ngati munthu," anayankha osadzuka n'komwe.

Mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, mapaipi onse anakhazikika. Bambo anaponda kiki, mthuthuthu n'kubangula mbali zonse ziwiri, mpaka mawindo kunjenjemera. Ana a mumzere wathu anathamangira kudzaona, ine ndikuvina m'utsimo. Koma bambo sananyamuke. Anati tayala lakumbuyo latha, kenako anati nyale ikuchepa mphamvu.

Tili pa nyaleyo, kunafika bambo Kachere a kumudzi kwathu, ongotsika sitima. Anavula chipewa asanalowe pakhomo, ndipo mayi anayamba kulira mlendoyo asanayankhule. Agogo anali ataikidwa kale mwezi wathawo. Bambo anakhala pa katoni paja mpaka dzuwa kupendeka, osakhudza chitsulo chilichonse. M'mawa mwake anakwera mthuthuthu kupita kuntchito, ndipo ulendo wake wonse unakhala womwewo: Mufakose, Msasa, Mufakose.

Pa nthawiyo ndinkada paipi yakumanzere ija, poganiza kuti ndiyo inachedwetsa bambo. Lero nanenso ndakalambira m'dziko lomweli, ndipo chaka chilichonse ndimati ndipita ku Dedza ndikangokonza denga. Tsopano ndikudziwa kuti munthu akatchona, chovuta si msewu ayi, koma kukaima pamaso pa amene anakubala n'kufotokoza kumene zaka zonsezo zinapita.